Taipeza

"Ukapitiriza kusuzumira foniyo, tsiku lina udzaika chala chako m'mbale ya kasitomala m'malo mwa nyama ya nkhanu," anatero Tante Verna osatukula n'komwe mutu.

Noelie Gisclair anabwezera foni m'thumba la epuloni n'kutola nkhanu ina. Anaiswa pamsana ndi kampeni, n'kuyamba kukolopola nyama yoyera ija. Linali Lachitatu m'mawa, ndipo kuseri kwa kanyumba kodyera ka azakhali akewo, m'mbali mwa mtsinje wa Lafourche, kunali mabasiketi atatu a nkhanu zowiritsa odikira manja awo.

"Sindikuona foni, Tante. Ndikuona nthawi."

"Nthawi ya kuno kapena ya kunyanja? Iwe mwana, thupi lili pa Golden Meadow pano koma mtima unakwera sitima kalekale."

Zinali zoona. Wade Curole, mnyamata amene anamuveka mphete mwezi womwe Noelie anamaliza sukulu, ankagwira ntchito pa Caillou Deep, chisitima chokhala ndi kireni yonyamulira katundu yaitali kuposa nsanja ya tchalitchi. Ntchito yake ya masiku onse inali kutsitsa mapaipi ndi zitsulo pansi pa nyanja kumigodi ya mafuta. Chinkanyamuka padoko la Fourchon, anthu n'kukhala masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu, kenako n'kubwera kwawo. Koma mu Ogasiti chinatumidwa kutali, kunyanja ya kum'mwera kwa dziko, kukafunafuna ndege imene inasowa zaka zinayi zapitazo ndi anthu ake onse. Anati ulendowo ndi wa masabata asanu ndi limodzi. Tsopano linali la khumi ndi chimodzi. Ukwati wa mu Okutobala unasunthidwira mu Novembala, kenako unasunthidwira ku mawu akuti "tiona."

Noelie anali ataliona kale m'maganizo tsiku la kubwera kwa Wade, kambirimbiri. Sitima ikulowa padoko, mbalame zikuzungulira kireni, Wade atatsamira zitsulo za m'mbali ndevu zitamera, iye akuthamanga pa simenti atavala diresi yachikasu, nsapato ali nazo m'manja. Chinkamusowa n'chimodzi chokha: tsiku lake.

"Sunga khosi, mkanda woyera udzavala," anatero Tante Verna. "Ine amalume ako ndinawadikira zaka makumi atatu. Masabata awiri kunyanja, awiri kunyumba. Theka la ukwati wanga ndinakwatiwa ndi pilo."

"Inu munkadziwa tsiku lobwera. Ine andiuza kuti sitima idzabwera akadzaipeza ndegeyo, kapena mphepo ikadzawathamangitsa. Mphepo ili ndi kalendala, Tante?"

Foni inanjenjemera m'thumba. Noelie anapukuta manja paepuloni mothamanga mpaka kampeni kanagwa pansi. Unali uthenga wa Wade.

"Taipeza!! Mailosi awiri ndi theka pansi, itagona chammbali. Anthu pano akukumbatirana ngati amisala. Usauze munthu, ukudziwa malamulo. Ndakusowa."

Anakuwa mpaka mphaka amene ankadikira zigoba za nkhanu pansi pa tebulo anathawa.

"Aipeza, Tante! Aipeza! Akubwera!"

Tante Verna anaika nkhanu pansi, n'kutenga foniyo ndi zala ziwiri. Anawerenga ataitalikitsa ndi maso.

"Aipeza chiyani?"

"Ndege! Chiyaninso?"

"Walemba kuti ndege?"

"Nanga anapita kukafuna chiyani kumeneko? Makiyi a galimoto?"

"Mufunse kaye. Anthu a pasitima ali ndi chiyankhulo chawochawo. Amalume ako ankati akukagona m'nyumba ya galu, ine n'kulira, osadziwa kuti ndi dzina la kachipinda kopumulira."

Noelie analanda foni n'kulemba: "Zoona? Ukubwera liti?" Anadikira. Yankho silinabwere. Anavula epuloni.

"Ukupita kuti? Sunaone mzere wakuti usauze munthu?"

"Nanan Eula si munthu wamba, Tante. Ndi mayi ake a Curtis. Ngati pali woyenera kumva woyamba padziko lonse, ndi iwo."

"Kuthamanga sikufika, Noelie."

Koma Noelie anali atadutsa kale pakhomo.

Mayi Eula Terrebonne ndiwo anamunyamula Noelie pa ubatizo, n'chifukwa chake ankawatchula kuti Nanan. Mwana wawo mmodzi yekha, Curtis, ankakumba mafuta kumayiko akutali, ndipo anali m'ndege imeneyo akubwerera kuntchito. Galimoto yake inali ikadali pansi pa nyumba yawo yomangidwa m'mwamba, pakati pa mizati yake. Lamulungu lililonse akachoka ku Misa, Mayi Eula ankailiza mphindi khumi kuti batire isafe.

Noelie anawapeza pakhonde akutsuka maluwa apulasitiki m'beseni, pokonzekera tsiku la Oyera Onse. Njira yonse ankaganiza kuti akumbatirana, aseka, alira pang'ono, kenako aseka. Anakwera masitepe awiriawiri n'kuwapatsa foni wefuwefu.

Mayi Eula anavala magalasi. Anawerenga kamodzi, kachiwiri, kachitatu.

"Itagona chammbali," anatero chapansipansi.

Anakhala pansi pasitepe, madzi a sopo akudontha m'zala.

"Zaka zinayi ndakhala ndikuuza anthu kuti ali pa kachilumba kena, wameta mpala, akudya kokonati, sakudziwa dzina lake. Bambo Mfumu anabwera kudzandipempha kuti tichite Misa ya maliro. Ndinawaonetsa chipata." Anavula magalasi aja. "Ndiye kuti anafadi."

Apa m'pamene Noelie anazindikira kuti uthenga umene kwa iye unali belu la ukwati, pakhonde pano unali belu lina. Anafuna kupepesa, koma Mayi Eula anamugwira masaya ndi manja awo onyowa.

"Usagwetse nkhope. Wandibweretsera mwana wanga. Sudziwa iwe kuti kusadziwa kumaluma bwanji. Bola manda."

"Koma musauze anthu, Nanan. Wade wanena kuti..."

"Ndingouza mchemwali wanga basi."

Mudzi wa m'mbali mwa Lafourche uli ndi msewu umodzi wokha, ndipo mawu amayendamo mwaliwiro kuposa galimoto. Mchemwali uja anauza mwamuna wake. Mwamunayo anauza anzake ogulitsa nyambo. Dzuwa lisanalowe, mdzukulu wa winawake anali ataika nkhaniyo pa intaneti, pamodzi ndi dzina la sitima, komanso chithunzi cha Wade atanyamula chipewa cha timu ya mpira ya kusukulu. Pansi pake analemba kuti mnyamata wathu wa kuno ndiye watulutsa uthengawu.

Lachinayi amayi anayamba kukwera masitepe a Mayi Eula ndi miphika ya msuzi wa gumbo ndi mpunga, monga amachitira pamaliro. Kunabwera galimoto ziwiri za atolankhani a ku New Orleans. Kampani ya sitimayo itafunsidwa inangoti ilibe chonena, ndipo anthu anati kukana kwa akuluakulu ndi kuvomera kumene. Wade sanayankhebe. Noelie anati watanganidwa, munthu amene wapeza ndege angakhale ndi nthawi yogwira foni? Madzulo ake anaimbira ku parishi kufunsa ngati Loweruka loyamba la Disembala lili lotseguka kuti amangitse ukwati. Anamuuza kuti lili lotseguka. Anavina yekha m'khitchini.

Lachisanu m'mawa, ali pa tebulo la nkhanu lija, foni inalira. Nambala yake inali yaitali, yachilendo.

"Noelie." Mawu a Wade ankafika mochedwa, ngati akuchokera m'chitsime.

"Wade! Ndakuimbira kangati? Ukubwera liti? Ndapeza tsiku, pa..."

"Noelie, wachita chiyani?"

"Ndachita chiyani bwanji?"

"Nsomba, Noelie. Tinapeza nsomba."

"Nsomba yanji?"

Kunamveka kupuma kwakutali. Kenako Wade anayamba kulankhula pang'onopang'ono, ngati munthu amene akudziletsa kuti asaswe chinthu.

"Makina aja timawatsitsa m'madzi kuti akamvetsere pansi pa nyanja. Aatali ngati bwato. Tili nawo asanu ndi atatu. Timawatchula kuti nsomba. Aliyense amene anapondapo pasitima amadziwa zimenezo. Ya nambala faifi sinabwerere kumtunda. Amene anaiyendera komaliza isanatsike ndine. Masiku asanu ndi anayi tikuifunafuna, anthu akundiyang'ana ngati wakuba. Ndinakulembera tsiku ndi tsiku. Ndinakuuza kuti sindikugona chifukwa cha nsomba ya nambala faifi. Ukukumbukira chimene unandiyankha?"

Noelie anaika kampeni patebulo.

"Unati, 'Ukaigwira uiwotche ndi tsabola.' Ine ndinaseka. Ndinkaganiza kuti ukundisangalatsa."

"Ndinkaganiza kuti mukuwedza. Wade, iwe umalemba zambiri za mawaya ndi mabatire, ine..."

"Iwe umawerenga mzere womaliza wokha, pamene pali 'ndakusowa.' Ndazindikira tsopano."

"Nanga iwe bwanji sunalembe kuti nsomba? Liwu limodzi lokha! Ukanalemba..."

"Ndinalemba kuti usauze munthu. Amenewo anali mawu awiri."

Tante Verna anali atasiya kuswa nkhanu. Ankangoyang'ana mtsinje.

"Kaputeni watseka intaneti ya sitima yonse," anapitiriza Wade. "Anthu makumi asanu ndi limodzi sakulankhula ndi akazi awo chifukwa cha ine. Wophika ali ndi mwana m'chipatala, sakudziwa ngati wadzuka. Abale a anthu a m'ndege akuimba kuchokera kumayiko khumi, ena agula kale matikiti. Ine ndinasaina pepala losunga chinsinsi, Noelie. Zaka zitatu ndikukolopa sitima iyi kuti andilole kugwira makina amenewa."

"Ndilankhule ndi kaputeniyo. Ndimuuze kuti ndine ndalakwa."

"Kaputeni sanakulembe ntchito iwe. Lolemba tifika padoko kukamwetsa mafuta. Anditsitsa kumeneko. Wina akubwera kudzatenga malo anga. Ndifika Lachinayi."

Mtima wa Noelie, chitsiru cha mtima, unadumpha usanafunse mwini wake.

"Ukubwera?"

"Eya. Si zimene umafuna?"

"Osati chonchi, Wade. Ndidzakudikira kubwalo la ndege. Tidzakambirana m'galimoto, ndidzakufotokozera zonse."

"Adzanditenga achimwene. Ndikakhala kwawo ku Houma. Usabwere."

"Nanga ukwati?"



"Pali anthu pamzere akudikira foniyi. Mvera. Kampani ilengeza zoona zake thwelofu koloko ya kwanuko. Mayi Eula asamvere pa TV. Chimenecho chokha undichitire."

Foni inaduka.

Noelie anatsegula mauthenga akale n'kuyamba kubwerera m'mbuyo ndi chala. Zonse zinali pomwepo. Nsomba ya nambala faifi sinatuluke. Tikuisakabe. Akuti mwina ndinaiwala kumanga china chake. Sindikudya. Pansi pa uthenga uliwonse panali mayankho ake: timitima tofiira, zithunzi za keke, funso lakuti maluwa akhale oyera kapena achikasu.

"Tante, mupite ndinu kwa Nanan. Inu amakumverani. Ine sindingathe."

Tante Verna anatulutsa makiyi a galimoto m'thumba n'kuwaika patebulo, pakati pa zigoba za nkhanu.

"Madzi akatayika saoleka, mwana wanga. Koma wokolopa ndi yemwe wataya. A Eula ali kumanda kuyambira m'mawa. Kwatsala ola limodzi."

Kumanda kunali anthu ambiri. Kuno pansi pali madzi, choncho akufa amagona pamwamba, m'tinyumba ta simenti, ndipo sabata la Oyera Onse banja lililonse limabwera ndi ndowa ya laimu kudzapaka kwawo. Ena anali atatsegula wailesi, ena akudya masangweji atakhalira manda a agogo awo. Anthu atamuona Noelie anamukweza manja. Bambo wina anafuula, "Uyo mkazi wa ngwazi yathu!" Iye anangoyenda, maso pansi, kulondola kaphokoso ka hamala kochokera kumzere wakumapeto.

Bambo Norris Duet, mkulu wosema miyala, anali atagwada pa katoni kutsogolo kwa manda a banja la Terrebonne. Pamwala woyera panali dzina la malemu mwamuna wa Mayi Eula. M'munsi mwake, pamalo amene anakhala opanda kanthu zaka zonsezi, tchizulo inali itadya kale zilembo zitatu zatsopano: C, U, R. Zotsalazo zinali zojambula ndi pensulo.

Mayi Eula anali pambali ndi burashi, atavala buluku lakale, laimu ali m'tsitsi. Ankaoneka ngati achepa zaka khumi.

"Bwera udzaone, Noelie! Ndawauza a Norris kuti dzinali lithe lisanafike Lamulungu, Bambo Mfumu adzalidalitse. Akuti ndawadumphitsa mzere wa anthu asanu."

"Akufa sathamanga, koma amayi awa amathamangitsa," anatero Bambo Norris akuuzira fumbi.

"Ukudziwa, mwana wanga, ndagona," anatero Mayi Eula. "Masiku awiri ndagona mpaka dzuwa kundiwomba kumaso. Ndinali nditaiwala kuti tulo timakoma chonchi."

"Nanan."

"Galimoto ija ndapatsa mwana wa mchemwali wanga. Yakhala mokwanira."

"Nanan, si ndege."

Hamala inagunda kamodzi n'kuima.

Noelie anafotokoza. Anayambira pakati, anabwerera poyamba, anatchula makina, mawaya, nambala faifi. Mawu ankatuluka opindika ngati misomali yakale. Anati Wade sananame, wolakwa ndi iye, anawerenga zimene mtima wake unkafuna. Anati pepani kasanu kapena kasanu ndi kamodzi.

Mayi Eula anaika burashi pakamwa pa ndowa mosamala, kuti isagwere m'kati.

"Makina," anatero.

"Eya, Nanan."

"Amawatchula kuti nsomba."

"Eya."

"Ndiye anthu aja amakumbatirana chifukwa cha makina." Anaseka kamodzi, kuseka kouma. "Makina akasowa masiku asanu ndi anayi amawapeza."

Kumzere wina wailesi inkaimba nyimbo yovinira.

"Lachitatu ndinamuika m'manda mwana wanga," anatero Mayi Eula, akuloza pachifuwa. "Muno. Ndinamusambitsa, ndinamuveka, ndinamutsanzika. Ndinanena ndi pakamwa panga, pamaso pa anthu, kuti Curtis anafa. Tsopano ukuti ndimufukule? Ndikamuike kuti? Pa kachilumba paja sangabwererenso. Ndinakagwetsa ndekha."

Noelie anatambasula dzanja kuti awagwire. Iwo anasuntha pang'ono, pang'ono pokha, dzanjalo n'kugwira mphepo.

Bambo Norris anakhosomola. "Mayi Eula, ndimalize kapena bwanji? Ndikhoza kumata zilembozi, koma chipsera chidzaoneka."

Mayi Eula anayang'ana mwalawo nthawi yaitali.

"Siyani pomwepo, a Norris. Musamalize, musamate. Likhale choncho."

Mkuluyo anaika tchizulo m'thumba lachikopa, n'kudzuka movutikira atagwira bondo. Anapinda katoni yake n'kumapita, osatsanzika.

"Nanga Wade?" anafunsa Mayi Eula, maso akadali pamwala.

"Amuchotsa ntchito. Akubwera."

"Liti?"

"Lachinayi."

"Lachinayi." Analibwereza ngati akulilawa. "Ndiye wako akubwera. Ukudziwa tsiku, ukudziwa ndi ndege imene akwere. Pita ukamudikire, Noelie."

Noelie anatsegula pakamwa kuti awauze zoti Wade wamukana kubwalo la ndege, zoti akupita ku Houma, zoti funso la ukwati silinayankhidwe. Anatseka. Panalibe malo a chisoni chake pamenepo.

"Ndikuthandizeni kupaka, Nanan?"

"Ayi. Kwatsala pang'ono."

Sikunatsale pang'ono. Mbali yonse ya kumadzulo inali ikadali yotuwa. Noelie anaimabe kanthawi, akuyembekeza kuti mwina amutchula kuti mwana wanga kamodzinso. Mayi Eula anatola burashi, anaiviika m'ndowa, n'kumutembenukira msana.

Noelie ali m'galimoto, belu la tchalitchi linalira thwelofu koloko. Anaona anthu kumanda kuja akutulutsa mafoni m'matumba mmodzimmodzi, akuwerenga, kenako akutembenuza mitu kuyang'ana galimoto ya Tante Verna. Noelie anatenga foni yake n'kuimbira ku parishi. Anauza mlembi kuti Loweruka lija la Disembala alipereke kwa ena.